Tofu ndi Mafuta a pa Impso

Lolemba, 3 Juni

Lembani bwino, apongozi. Chimene ndanena n'chimene chilowe m'bukumo, musathire mchere wanu.

Adokotala akuti magazi anga akuthamanga chifukwa cha zinthu ziwiri: nyama, ndi kusunga mkwiyo mumtima. Akuti mkwiyowo ndizilemba. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, ndikalemba dzina langa zimakhala ngati nkhuku yaponda pa matope. Mwamwayi mkamwini wanga, woyendetsa basi, anaterereka pa masitepe n'kuthyoka mwendo. Ali ndi chikhakha kuyambira pa bondo mpaka ku zala, amangokhala pa sofa tsiku lonse, sangathawe. Ndiye mlembi ndi iwowo. Akuti mawu oti "mwamwayi" tiwachotse. Asiyeni pomwepo.

Ndagwira ntchito mu butchala zaka 38. Mundimange kumaso, mundipatse nthuli, ndikuuzani chiwalo chake ndi zaka za ng'ombeyo. Chimwalirireni mayi a ana ndimakhala kwa mwana wanga wamkazi, namwino, m'nyumba ya pamwamba pa shopu ya matayala. Iye amafika hafu sikisi atatopa, adzukulu awiri ali ndi njala ngati afisi. Ndiye wophika madzulo ndine, Lolemba mpaka Lachisanu. Khitchini ndi yanga. Ndi malo okhawo m'nyumba muno amene ndikati "choka" munthu amachoka.

Lachisanu lapitali Namwino anapeza soseji m'thumba la jekete langa. Imodzi yokha, yozizira. Basi lamulo linatuluka: pakati pa sabata nyama ayi, kwa aliyense. Kenako anati, "Bambo, ndikadzapezanso kanyama m'poto wanu, khitchini ndikulandani. Ndibweretsa mayi wophika, inu muzikhala pa khonde n'kumawerenga magalimoto."

Ndaonapo anzanga owerenga magalimoto. Satha chaka.

Lero wabwera ndi chinthu choyera, cha makona anayi ngati njerwa, chikusambira m'madzi m'kapulasitiki. Akuti dzina lake tofu, amapanga ndi soya. Ndinachinunkhiza. Palibe chimene chinandiyankha. Ndinachigwira, chinanjenjemera. Iye akuti n'chachangu, ungochinyika m'zokometsera n'kukazinga, theka la ola anthu akudya. Akuti pa paketi alembapo malangizo, mkamwini andiwerengere. Ndinati ine chibadwire sindinafunsepo pepala nzeru za moto.

Mawa tionana nacho.

Lachiwiri, 4 Juni

Lembani mwachidule, si nkhani yonyadira.

Nyama iliyonse ili ndi njira yake, umayang'ana kumene ulusi wake walowera n'kudula mopingasa. Ndinayang'ana njerwa ija mbali zonse zisanu ndi imodzi. Ilibe ulusi, ilibe fupa, ilibe kutsogolo, ilibe kumbuyo. Chinthu chopanda mbiri.

Ndiye ndinaganiza monga munthu wa ntchito. Nyama ikakhala yokana zokometsera, umayamba waisasantha kuti itseguke. Ndinatenga hamala yanga ya mano ija. Kamodzi kokha, ndipo sindinaike mphamvu. Tofu anapita pa khoma, pa chitseko cha filiji, pa kalendala. Kwina kunakafika pa chikhakha cha apongozi ku balaza.

Zotsala ndinakokolola n'kuponya m'chiwaya cha mafuta otentha. Zinandilavulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Mkono wanga wa manja uli ndi timatuza titatu.

Pa tebulo mdzukulu wamng'ono anayang'ana m'mbale nati, "Agogo, mazira awa amadwala?" Tinadya mpunga ndi tomato.

Namwino sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoyang'ana khoma, n'kuyang'ana mkono wanga, n'kuupaka mankhwala mofatsa ngati wodwala wa m'chipatala mwake. Ali mkati mopaka anati, "Mayi wophika uja akuti mwezi wamawa alibe ntchito ina."

Lachitatu, 5 Juni

Hamala ndaibisa. Lero ndinadula ndi mpeni, zidutswa zofanana ngati asilikali pa mzere. Ndinazinyika mu sosi wakuda wa soya, adyo, jinja ndi madzi a ndimu. Fungo linali la anthu.

Koma m'chiwaya zinamatirira. Ndikati nditembenuze, khungu likutsala pansi, mkati mukungotuluka madzi. Pakamwa: kunja mchere, mkati chithaphwi. Apongozi anameza atatseka maso ngati akumwa mapilitsi, n'kunena kuti "pali kusintha." Bodza la mkamwini ndi ulemu, ndalilandira.

Mdzukulu wamkulu anafunsa mayi ake ngati mayi wophikayo amadziwa kuphika nkhuku. Pamaso panga.

Lachinayi, 6 Juni

Tsekani chitseko kaye. Ayi, khalani, ndaiwala mwendo. Nditseka ndekha.

M'mawa ndinatsika kupita ku butchala kwathu kwakale, kukaona Nthiti. Tinagwira limodzi zaka makumi awiri, ndi woonda mpaka lero ngakhale amagona pa nyama. Nditamufotokozera anaseka mpaka anakhala pa chipika chodulirapo. Akuti, "Iwe, mfumu ya chikwanje, wagonja kwa sopo?" Makasitomala awiri anaseka nawo osadziwa nkhani.

Atapukuta misozi analowa mkati n'kutuluka ndi kaphukusi. Mafuta a pa impso. Amene sadziwa amati mafuta ndi mafuta. Ayi. A pa impso ndi oyera, ouma, ofumbutuka ngati kandulo, ndipo ukakazingira ngakhale nsapato munthu amapempha ina. Nthiti anati, "Imeneyi si nyama, achimwene. Namwino ananena za nyama." Ndinaona kuti mawuwo ali ndi nzeru. Munthu akafuna kuchimwa, loya sasowa.

Ndinawasungunula masana, mazenera onse otsegula. Apongozi pa sofa anakweza mphuno ngati galu womva fungo la nyama, nafunsa kuti, "Bambo, kodi ndikulota?" Ndinawathira m'kachitini kakale ka majarini n'kukakankhira kumbuyo kwenikweni kwa filiji, kuseri kwa botolo la jamu limene palibe amalikhudza. Kenako ndinapsereza adyo dala kuti fungo lisokonezeke.

Supuni ziwiri m'chiwaya. Tofu yemwe uja, zokometsera zomwe zija. Anamatirirabe pang'ono, koma ndani anaona? Adzukulu analimbirana chidutswa chomaliza. Namwino atalawa anaima, foloko ili m'mwamba, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwatani lero, bambo?"

Ndinati, "Dzanja, mwana wanga. Dzanja limazolowera."

Anawonjezera kachiwiri.

Apongozi, tamvana. Mukatsegula pakamwa, mwezi wonse mudzadya za Lachitatu. Lembaninso zimenezo, ndi inu nomwe mboni.

Lachisanu, 7 Juni

Chimodzimodzi. Mbale zabwerera zoyera ngati zatsukidwa kale. Za mayi wophika sizinatchulidwe. Bongololo sadzolera mafuta pagulu.

Lamlungu, 9 Juni

Namwino anandimanga makina ake oyezera kuthamanga kwa magazi pa mkono. Anapopa, anayang'ana, anapopanso. Akuti manambala sanatsike, akwera pang'ono. Anayankhula ngati akudziuza yekha: "Zodabwitsa. Sabata yonse popanda nyama." Ndinati makina a masiku ano amapanga ndi pulasitiki, sungawakhulupirire. Apongozi anayamba kuwerenga nyuzipepala ya mwezi watha mwakhama.

Lolemba, 10 Juni

Zavuta.

Tikudya nyemba, Namwino anati wakhala akunyadira tofu wanga ku ntchito, mpaka a Metironi, mkulu wa anamwino onse, apempha kudzalawa. Abwera Lachinayi, molunjika kuchokera ku chipatala. Mayi ameneyu akuti sanadye nyama zaka 22. Msuzi wokha wa nyama ukalowa m'mimba mwake amadwala masiku awiri. Akuti anabwezapo chakudya ku phwando la ukwati chifukwa anamva kuti supuni inayamba yalowa m'poto wa nkhuku.

Apongozi anatsamwa ndi nyemba. Anachita kuwamenya pamsana.

Namwino anati, "Muphike ngati Lachinayi lija, bambo. Ndendende."

Tsopano mvetserani, ndipo mulembe mosathamanga. Zaka 38 sindinaikepo chala pa sikelo. Sindinagulitsepo mbuzi n'kunena kuti ndi nkhosa. Kunamiza a m'nyumba mwako n'kwina, imeneyo ndi nkhani ya m'banja, aliyense amachita. Koma mlendo wodya ndi chikhulupiriro, kumupatsa chimene thupi lake limakana, chimenecho ine ayi. Nanga akakadwalira ku ntchito, mwana wanga nkhope akaiika kuti?

Koma ndikaphika mwachilungamo, zituluka za Lachitatu, chithaphwi chija. Namwino si wopusa, anatengera ine. Afunsa kuti dzanja lija lapita kuti, atsegula filiji, ine pa khonde.

Apongozi akuti ndingoulula. Munthu wa mwendo umodzi amapereka malangizo olimba mtima chifukwa amadziwa kuti sangamuthamangitse.

Mwayi ulipo umodzi. Mawa ndi mkuja Namwino akuweruka mochedwa, adyera konko. Ndili ndi masiku awiri ndi mapaketi anayi.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndinauza apongozi kuti awerenge zolemba pa paketi mokweza. Osati chifukwa cha ine. Munthu akakhala nthawi yaitali osagwira ntchito mutu umachita dzimbiri, ndinkawathandiza.

Pepalalo likuti uyambe wafinya madzi. Umukulunge tofuyo m'kansalu, uikepo chinthu cholemera mphindi makumi awiri. Zimenezi ndinkazidziwa kale. Mwana aliyense wa mu butchala amadziwa kuti nyama yonyowa siikazingika, imangowira. Kungoti palibe anandiuza kuti njerwa nayonso imamwa madzi. Lembani kuti ndinkadziwa.

Cholemera tichipeza kuti? Mapoto a m'nyumba muno ndi opepuka ngati zipewa. Buku lalikulu la Namwino la matenda ndinaopa kulinyowetsa. Ndili chiimire pakati pa balaza, maso anga anagwera pa chikhakha. Adokotala anawauza kale apongozi kuti mwendowo uzikhala pamwamba. Ndiye bwanji ukhale pamwamba mwaulere?

Pa katebulo ka pa balaza ndinaika thireyi, kansalu, tofu, kansalu kena, thabwa lodulirapo, pepala la pulasitiki, kenako mwendo. Akuti, "Bambo, ulemu wanga." Ndinati ulemu wanu uli m'mutu, ine ndikufuna wa kumunsiwu.

Madzi anayamba kutsika m'thireyi, ndinaona ndi maso anga, pafupifupi theka la kapu. Zonse zimayenda bwino. Cholakwa changa chinali kusiya TV yoyaka. Ankaonetsanso mpira wa dzulo, umene apongozi anauonera kale, zigoli akuzidziwa. Komabe timu yawo itagoletsa anadumpha ndi thupi lonse, chidendene n'kudinda pansi. Theka la tofu linatuluka m'mbali ngati mankhwala otsukira mano.

Theka lotsala ndinakazinga ndi mafuta a mpendadzuwa okhaokha. Silinamatire. Linachita khungu. Adzukulu anadya, koma wamkulu anati, "N'zabwino, koma si za Lachinayi." Mwana ameneyu adzakhala wapolisi.

Kachitini kali m'filiji kandiitana kawiri lero. Sindinayankhe.

Lachitatu, 12 Juni

TV yozima, rimoti m'thumba mwanga. Apongozi anakhala mphindi makumi awiri osagwedezeka ngati akujambulidwa chithunzi cha pa chiphaso.

Ndikudula tofu wofinyidwayo, mpeni unandiuza chinthu. Unalowa mosalala, wopanda chokana, ndipo dzanja langa linakumbuka lokha. Chiwindi! Masiku onsewa ndakhala ndikumutenga ngati nyama ya pa ntchafu, pamene iye ndi chiwindi. Chofewa, chopanda ulusi, chosafuna nkhanza. Chiwindi suchimenya. Umachidula kukhuthala ngati chala, umachipukuta, umachigubuduza pa ufa wa tirigu pang'ono, chiwaya chitenthe kwambiri, ukachiika usachigwirenso mpaka chikuuze chokha kuti nditembenuze.

Ndiye lembani ndondomeko, ndikadzafa ana asavutike. Kufinya mphindi makumi awiri, mpunga uli pa moto. Kudula. Kunyika mu sosi wa soya, adyo, jinja ndi ndimu, mphindi khumi zakwana, chifukwa wofinyidwa amamwa ngati munthu wochokera ku ulendo. Kuvuula, kugubuduza pa ufa. Mafuta ochepa, moto waukulu. Manja kumbuyo, kuwerenga mpaka zana limodzi ndi makumi asanu. Kutembenuza kamodzi. Pomaliza msuzi wonyikiramo uja, ndi supuni ya uchi, kuthira m'chiwaya kuti uwire n'kumata zidutswazo mpaka ziwale.

Wapolisi uja anadya zisanu ndi chimodzi osapereka lipoti.

Si kukoma kwa mafuta a pa impso. N'kukoma kwina. Namwino adzamva kusiyana kwake kapena ayi, sindikudziwa. Chiwaya ndachikwecha katatu ndi mchere ndi ndimu, supuni ndaziwiritsa. Apongozi akuti kachitini ndikataye lero lomwe. Ndinakatulutsa, ndinakatsegula, ndinayang'ana. Oyera ngati mkaka. Munthu amene anagwirapo mpeni sataya mafuta a pa impso m'bini, manja amakana. Ndakabwezera kuseri kwa jamu.

Lachinayi, 13 Juni

Gwirani cholembera bwino, apongozi, mukuopa chani? Wolakwa ndine, inu ndinu wothandizira chabe.

Ndinkayembekezera chimayi chachikulu cha mawu ngati belu. A Metironi ndi kamunthu kochepa, kofika pa phewa langa, nsapato zoyera, maso akuthwa ngati singano. Atangolowa anandipatsa moni mwaulemu, kenako mphuno yawo inayendera nyumba yonse. Ndinaiona. Inapita ku khitchini, inazungulira, inabwerera. Anamwetulira.

Tofu ndinali nditafinya kale iwo asanafike. Ndikutenga ndimu m'filiji, dzanja langa linapitirira lokha mpaka pa botolo la jamu. Supuni imodzi yokha, ndani angadziwe? Ku balaza apongozi anatsokomola ngati basi yokana kulira. Ndinatenga ndimu n'kutseka.

Kuyambira pamene anakhala pansi mpaka pamene mbale zinafika pa tebulo, mphindi makumi awiri ndi zisanu. Mpunga, kabichi wokazinga, ndi tofu wowala ngati nsapato za mkwati. A Metironi analuma, khungu linalira, aliyense anamva. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Bambo," anatero, "ine ndadya tofu zaka zambiri, wanga amatuluka ngati siponji. Mumafinya ndi chiyani kuti aume chonchi?"

Ndinati tili ndi makina athu apadera.

Mdzukulu wamng'ono anati, "Ndi mwendo wa adadi."

A Metironi anasiya kutafuna, n'kuyang'ana chikhakha, zala zisanu zikusuzumira kumapeto kwake. Apongozi anayesa kuzipinda kuti zibisale. Namwino anatseka maso. Ine ndinaimirira n'kufotokoza mwadongosolo: kansalu, thabwa, pulasitiki, mwendo sukhudza chakudya, ukhondo wa mu butchala ndimaudziwa kuposa wa m'chipatala. Ndisanamalize, mayi uja anaphulika. Anaseka mpaka anavula magalasi. Akuti zaka zonse wakhala akuika anthu zikhakha sanadziwe kuti akugawa ziwiya za kukhitchini. Anafunsa apongozi kuti adzachotsa liti, ndipo ngati angabwereke mwendowo Loweruka. Anawonjezera kawiri. Zotsala anapempha kuti timukulungire.

Namwino anamaliza mbale yake. Anawaperekeza mpaka pa msewu. Ine ndinayamba kusonkhanitsa mbale ndikuimba, ndikuti nkhondo yatha.

Atabwerera anauza ana kuti akalembe homuweki kuchipinda. Anapita pa filiji, osafufuza n'komwe, dzanja molunjika kuseri kwa jamu. Anaika kachitini pakati pa tebulo n'kuvundukula.

"Majarini wa masiku ano akuyera," anatero.

Ndinati mwina ndi kuzizira.

"Bambo, ine ndinakulira m'fungo limeneli. Yunifolomu yanga ya ku sukulu inkanunkha limeneli. Lachinayi lija ndinalimva ndili pa masitepe, pamodzi ndi adyo wanu wopsereza."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji unawonjezera kachiwiri.

"Chifukwa zinakoma. Ndine mwana wanu."

"Nanga a Metironi?"

"Ndinawaitana dala. Ndimafuna ndione ngati mungadyetse mlendo bodza. Ndinalawa ine poyamba, simunaone? Ndikanamva mafutawo ndikanawalanda mbale."

Ndiye masiku atatu onsewa ndakhala ndikuvina m'dzanja la mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kupukuta mamina. Ndinati chabwino, mayeso ndakhoza. Iye anati mayeso a lero mwakhoza, koma lamulo munaliphwanya sabata yatha, kawiri, ndipo makina anandiuza Lamlungu. Ndinayesa mawu a Nthiti aja, akuti mafuta si nyama. Anandiyang'ana mpaka mawuwo anabwerera okha m'kamwa.

Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Nanunso, a mlembi." Apongozi analoza mwendo ngati kuti ndiwo unawatuma.

Za khitchini akuti tikambirana mawa. Watenga kachitini. Akuti tikamaliza kulemba za lero, bukunso alifuna.

Musalembe kuti ndikuopa. Lembani kuti mbale sindinatsuke, ndatopa.

Lachisanu, 14 Juni

Lero mlembi wasintha. Apongozi aimitsidwa ntchito, ali pa sofa akuyang'ana denga. Akulemba ndi Namwino mwini wake, tili pa tebulo la kukhitchini. Lemba zimene ndikunena, iwe, osati zimene ukufuna kuti ndinene.

Buku lonse waliwerenga. Akuti mawu oti ana ake ali ndi njala ngati afisi tiwachotse. Akhala. Akuti ndinamunena kuti si wopusa, amenewo akhale. Ndaona kuti alembi onse ndi amodzi.

M'mawa popita ku ntchito anadzera ku butchala atavala yunifolomu, n'kuika kachitini pa sikelo ya Nthiti makasitomala akuona. Zimene anamuuza sakufuna kundiuza. Ndikungodziwa kuti masana Nthiti anandiona pa zenera n'kuwolokera tsidya lina la msewu.

Tsiku lonse sindinayatse moto. Ndinapukuta mipeni yanga itatu n'kuikulunga m'nsalu, kuti mayi wophikayo akabwera asadzatsegulire zitini. Ndinakayesanso mpando wa pa khonde. Ndi wolimba, umapweteka msana.

Atafika anaona mipeni yokulungidwa. Anakhala pansi osavula nsapato. Ananena mawu amene sindinawakonzekere. Lemba, usadumphe, unanena ndiwe. Anati, "Bambo, amayi ndinawayeza ine ndi makina omwewa, manambala ndikuwaona akukwera, iwo akundiuza kuti makina ndi abodza. Sindikufuna khitchini yanu. Ndilibe nayo ntchito. Ndikufuna ndizipeza munthu m'menemo ndikamaweruka."

M'maso munalowa jinja, ngakhale ndinali ndisanadule.

Ndinamuuza kuti chitini china sichidzalowanso m'filiji imeneyi. Sindinalumbire, munthu wa zaka zanga salumbira kwa mwana wake. Ndinangonena. Iye akuti Lamlungu lililonse makina azilankhula, ndipo ine ndisamawatukwane. Ndati ndiziwatukwana chamumtima. Akuti zimenezo ndiye zimakweza magazi. Ndiye tagwirizana kuti ndiziwatukwana m'buku.

Ndinafunsa za mayi wophika. Akuti anamuimbira masana, wamuuza kuti malo kulibe, nyumba ino ili kale ndi wophika mmodzi wovuta, awiri sangakwane.

Tsopano akuti ndifupikitse, nthawi yatha, ana ayamba kutsegulatsegula filiji. Watulutsa mapaketi awiri m'chikwama. Akuti chikhakha achotsa sabata yamawa, ndiye tipeze cholemera china, koma lero mwamuna wake agwire ntchito yomaliza. Apongozi ayankha ku balaza kuti iwo anaimitsidwa. Wawauza kuti anaimitsidwa dzanja lokha.

Wamasula nsalu ija. Watenga mpeni wapakati, wausankha bwino, ndi umene ndikanatenga ine. Akundipatsa, chogwirira chaloza kwa ine.

Ika cholembera pansi, mwana wanga. Senda adyo.